Teleza ndi Ndege ya Phiko Lalifupi

Teleza ankayeza chilichonse. Ankayeza ndi dzanja. Ankatambasula zala zake, n'kuyamba kuwerenga.

"Chimodzi, ziwiri, zitatu."

Dengu la amayi ake linali zikhatho zinayi. Mtondo unali zikhatho zisanu. Mbuzi ya a kapitawo inali zikhatho zisanu ndi ziwiri. Koma mbuziyo inakana kuima bwino. Mwina zinali zisanu ndi zitatu.

"Iwe Teleza, madzi aja ali kuti?" amayi ankafunsa.

"Ndikubwera, Amayi. Ndikuyeza kaye ndowa."

Teleza anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ku malaini, pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Malaini ndi nyumba za antchito. Amayi ake anali a Salome. Iwo ankathyola tiyi. Bambo ake anali a Yesaya. Iwo ankakhoma mabokosi a tiyi ku fakitale.

Teleza ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupitiriza sukulu.

Sukulu ya pa esiteti inali yaing'ono. Inkathera Sitandade 2. Teleza anali mu Sitandade 2. Sukulu yaikulu inali ku Masambanjati. Kumeneko kunkakhala azakhali ake, a Leah.

"Ababa, ndikakhale kwa azakhali," anatero Teleza. "Ndikaphunzire masamu aakulu."

"Ayi," anatero bambo ake.

"Chifukwa chiyani, Ababa?"

"Ndi kutali. Ine ndinapitako kutali. Kutali sikwabwino. Ukhala konkuno. Uzithandiza amayi ako kuthyola tiyi."

Amayi anali pakhonde. Ankakonza dengu lothyoka. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo a Teleza, ku Masambanjati si ku Bama," anatero. "Ogulitsa nthochi amachoka kumeneko m'mawa. Kuno amafika tisanaweruke."

Bambo sanaseke.

Bama ndi dziko lakutali, kutsidya kwa nyanja yamchere. Kale kunali nkhondo yaikulu. A Yesaya anali msilikali wa Keyala, gulu lankhondo la boma. Anapita ku Bama. Anabwerako. Tsopano panali patatha zaka khumi chibwerereni. Koma nkhani za nkhondo sankazikonda.

Ankanena nkhani imodzi yokha. Inali nkhani ya ndege.

Ndege ikamadutsa m'mwamba, a Yesaya ankaima. Ankavula chipewa. Ndege ikapita, ankavalanso.

"Mumavuliranji chipewa, Ababa?" Teleza anafunsa tsiku lina.

"Ndege inandipatsa chakudya," anatero bambo. "Tinali m'nkhalango. Mvula inkagwa osaleka. Msewu unakokoloka. Chakudya chinatha. Tinakhala ndi njala masiku atatu. Tsiku lachinayi tinamva kulira. Vuuu! Inali ndege. Dzina lake Dakota."

"Inatera?"

"Ikanatera pati? Ponseponse panali mitengo. Inangotsegula chitseko ili m'mwamba. Matumba anayamba kugwa. Thumba lililonse linali ndi chinsalu ngati ambulera. Munali mpunga. Munali mchere. Munali shuga. Munalinso tiyi."

Teleza anakhulupirira. Koma anthu a ku malaini ankaseka.

"Tiyi amamera pansi, a Yesaya," ankatero. "Timamuthyola ndife. Sagwa kumwamba."

Ana ena ankawaitana kuti a Tiyi Wakumwamba. Bambo analeka kunena nkhaniyo. Koma chipewa ankavulabe.

* * *

Nyengo yozizira inafika. Sukulu inali pafupi kutsekera. Aphunzitsi, a Bizwick, anaima kutsogolo kwa ana.

"Tsiku lotsekera makolo onse abwera," anatero. "Tiwaonetsa chiyani?"

"Tiimbe nyimbo," anatero mwana wina.

"Chaka chatha tinaimba," anatero aphunzitsi. "Agogo ena anagona."

Teleza anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, tipange ndege. Tipange Dakota ya bambo anga."

Lestina, mnzake wa pa benchi, anaseka.

"Ndege yogwetsa tiyi ija?"

"Yomweyo," anatero Teleza.

Aphunzitsi anakanda ndevu. "Ine Dakota sindinaione pafupi. Bambo ako angatithandize?"

Teleza anathamangira ku fakitale. Anadikira pageti. Bambo atatuluka, anawafotokozera.

"Anthu andiseka," anatero bambo.

"Akaiona saseka, Ababa. Inu muziuza, ine ndiziyeza."

Bambo anayamba kuyenda. Teleza anayenda pambali pawo.

"Ababa, ndikayeza bwino, mundilola kupita ku Masambanjati?"

"Tiyambe taiona ndegeyo," anatero bambo.

Sanati inde. Koma sanatinso ayi.

Mawa lake bambo anabwera kusukulu ataweruka. Anatola msomali. Anajambula pansi. Ana anawazungulira.

"Ili ndi thunthu," anatero. "Awa ndi mapiko. Uwu ndi mchira. Apa pali chitseko. Kutsogolo kwa phiko lililonse kuli pulopela. Pulopela ndi chija chimazungulira."

"Inali yamtundu wanji?" Lestina anafunsa.

"Inali yonyowa ndi mvula. Inkanyezimira."

Ana anagawana ntchito. Ena anapita kumtsinje kukadula nsungwi. Ena anapita kukasenda luzi. Ena anatola misomali yopindika. Anaiwongola ndi miyala. Go! Go! Go!

Teleza ndi Lestina anapita kwa a kapitawo. Anapempha mabokosi osweka. A kapitawo analola.

M'kati mwa bokosi la tiyi mumakhala pepala lonyezimira. Pepalalo limatchinga chinyezi. Tiyi sanyowa. Teleza analimatula pang'onopang'ono. Analipinda bwino.

Pageti panali alonda okalamba, a Blackson. Iwo sankalankhulalankhula.

"Mukupita nazo kuti izo?" anafunsa.

"Tikupanga ndege, agogo," anatero Teleza. "Dzina lake Dakota."

A Blackson anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analowa m'kanyumba kawo. Anatuluka ndi matayala awiri a wilibala.

"Tenga," anatero. Anabwerera m'kanyumba kawo.

Tsiku lililonse bambo ankabwera ataweruka. Anakhoma thunthu. Anakhoma mchira. Anadula chitseko. Teleza ankagwira matabwa. Ankapereka misomali.

Kenaka bambo anapanga phiko lakumanja. Anayala nsungwi pansi. Anatambasula zala zawo.

"Chimodzi, ziwiri, zitatu."

Anawerenga mpaka khumi. Anadula. Ana analuka timizere ta nsungwi ngati mphasa. Phiko linatha. Linali lokongola.

Koma mawa lake bambo anabwera ndi nkhope ina.

"Malole akubwera," anatero. "Tiyi akupita ku sitima. Mabokosi akufunika ambiri. Sindibweranso kuno mpaka Lachitatu."

"Nanga phiko linalo?" anafunsa aphunzitsi.

Bambo anayang'ana Teleza.

"Paja umati umadziwa kuyeza. Upanga ndiwe. Zikhatho khumi. Wamva?"

"Zikhatho khumi, Ababa."

Bambo anasenza phiko lakumanja. Anapita nalo ku fakitale. Ankafuna kukalikuta ndi pepala lonyezimira pa nthawi yopuma.

Teleza anasankha nsungwi zowongoka. Anaziyala pansi. Anatambasula zala zake.

"Chimodzi, ziwiri, zitatu."

Anawerenga mpaka khumi. Analemba ndi khala. Sanadule. Anayezanso. Khumi. Anayezanso kachitatu. Khumi.

"Dula, iwe!" anatero Lestina. "Nsungwi iphuka masamba."

Teleza anadula. Ana analuka. Analuka masiku anayi. Anakuta ndi pepala lonyezimira. Phiko lakumanzere linatha. Nalonso linali lokongola.

* * *

Lachitatu linafika. Tsiku lotsekera linali Loweruka.

Bambo anabwera masana ndi phiko lakumanja. Anali ndi nthawi yochepa. Anakhoma phiko lakumanja. Anakhoma phiko lakumanzere.

"Siyani tione," anatero.

Ana anachotsa manja. Ndege inapendekeka. Inapendekeka, inapendekeka. Phiko lakumanja linagunda pansi. Phiko lakumanzere linaloza kumwamba.

Lina linali lalitali. Lina linali lalifupi.

Mwana wina anaphulika ndi kuseka.

"Nkhuku yothyoka phiko!"

"Imeneyi iziuluka mozungulira!"

Azimayi ena ankadutsa ndi madengu kumsana. Nawonso anaima. Nawonso anaseka.

"A Yesaya, ndi imeneyi inagwetsa tiyi? N'chifukwa chake anatayika!" anatero mayi wina.

Bambo sanaseke. Anayang'ana Teleza.

"Ndinati khumi."

"Ndinayeza khumi, Ababa. Ndinayeza katatu."

"Ukanayeza khumi, ndege ikanaima."

Wezulo ya ku fakitale inalira. Bambo anavala chipewa.

"Aphunzitsi, iphwasuleni. Ana aimbe nyimbo. Anthu andiseka mokwanira."

Anatembenukiranso kwa Teleza.

"Ndipo za ku Masambanjati usandiuzenso."

Bambo anapita. Ana anapita. Teleza anatsala. Anayezanso phiko lake. Linali khumi. Linali khumi ndithu.

Sanalire. Anangokhala pansi pambali pa ndege.

* * *

M'mawa kunagwa nkhungu. Kunkazizira. Bambo anasamba m'manja panja. Anagwira chitseko ndi dzanja lonyowa. Analowa kukatenga jekete.

Pachitseko panatsala chithunzi cha dzanja. Chinali chonyowa. Chinali chachikulu.

Teleza anachiyang'ana. Anaika dzanja lake pamwamba. Dzanja lake linali laling'ono. Zala za bambo zinapitirira kutali.

Teleza anayang'ana dzanja lake. Anayang'ana dzanja la pachitseko.

"Amayi!" anafuula. "Khumi wanga si khumi wa ababa!"

Anathamangira kuseri. Anatola kansungwi. Anatola khala. Bambo anali atayamba kale kupita.

"Ababa, taimani! Tambasulani dzanja."

"Ndachedwa, mwanawe."

"Kamodzi kokha, Ababa."

Bambo anatambasula zala. Teleza anaika kansungwi. Analemba ndi khala pamene zala zinathera. Anabwereka mpeni wa amayi. Anadula.

"Basi, pitani ku ntchito," anatero. "Dzanja lanu latsala ndi ine."

Bambo anapukusa mutu. Sanamvetse. Anapita.

Teleza anathamangira kusukulu. Anapeza aphunzitsi atagwira hamala.

"Musaphwasule, Aphunzitsi! Taonani."

Anayeza phiko lalitali ndi kansungwi. Linali khumi. Anayeza phiko lalifupi ndi kansungwi komweko. Linali zisanu ndi ziwiri.

"Zikusowa zitatu," anatero Teleza. "Ababa anayeza ndi dzanja lawo. Ine ndinayeza ndi langa."

Aphunzitsi anaika hamala pansi. Anadzimenya pamphumi.

"Ndipo ine rula ndili nayo m'kabati," anatero. "Ndimangoigwiritsa ntchito poloza pa bolodi."

"Tipange phiko lina," anatero Teleza.

"Linatenga masiku anayi," anatero Lestina. "Tatsala ndi awiri."

Teleza anaganiza. Anakumbuka amayi pakhonde. Anakumbuka dengu lothyoka.

Anathamangira kumunda wa tiyi. Anapeza amayi pakati pa mizere. Manja awo ankathyola msangamsanga.

"Amayi, nsungwi yaifupi ingatalike?"

"Dengu langa lathyoka kasanu," anatero amayi. "Walionapo litatayidwa?"

Ataweruka, amayi anabwera kusukulu. Sanapite n'kunyumba komwe. Anayang'ana ndegeyo. Anaizungulira.

"Mwana ndi bambo wake," anatero. "Onse ouma mutu. Bweretsa mpeni."

Teleza anayeza nsungwi zatsopano. Anayeza ndi kansungwi. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Anawonjezera pang'ono polumikizira.

Amayi anasema nsonga mopendekera. Anasemanso nsonga ya nsungwi yakale. Anazigoneka pamodzi. Zinagwirana ngati zala.

"Viika luzi m'madzi," anatero amayi.

"Chifukwa chiyani, Amayi?"

"Luzi lonyowa limamva. Likauma limakoka. Silimasukanso."

Anamanga. Anamanga. Anamanganso. Lachisanu ana analuka mbali yatsopano. Kunagwa chiperoni, kamvula kozizira kaja. Zala zinauma ndi kuzizira. Koma ndege sinanyowe. Pepala lonyezimira linaitchinga ngati tiyi.

"Siyani tione," anatero Teleza.

Ana anachotsa manja. Ndege inagwedezeka pang'ono. Kenaka inaima. Inaima chilili.

"Bambo ako tisawauze," anatero amayi. "Aone okha. Maso sakangana ndi munthu."

Pafupi ndi bwalo la mpira panali chulu chachikulu. Pamwamba pake panali posalala. Ana onse ananyamula ndege. Anaikweza pachulu. Anaifunditsa ziguduli.

* * *

Loweruka linafika. Chiperoni chinachoka. Dzuwa linatuluka.

"Ine sindipita," anatero bambo.

"Mupita," anatero amayi. "Malaya ndasita kale. Makala anga asapite pachabe."

Bambo anavala malaya. Anavala chipewa. Anapita.

Anthu anali ambiri pabwalo. Panali othyola tiyi. Panali a ku fakitale. Panali a kapitawo. A Blackson anaima kumapeto ndi ndodo yawo. Bambo anaima kumbuyo kwenikweni.

Teleza sankaoneka.

Ana anaimba nyimbo imodzi. Kenaka aphunzitsi anaimirira.

"Pachulu apo pali chinthu," anatero. "Mwini wake ndi a Yesaya. A Yesaya, bwerani mudzavundukule."

Anthu anatembenuka. Ena anayamba kale kuseka.

"Nkhuku ija!"

Bambo anafuna kubwerera. Amayi anawakankha ndi chigongono.

"Ku Bama munapita," anatero. "Pachulu mulepherepo?"

Bambo anayenda. Anakwera chulu. Anagwira chiguduli. Anatseka maso. Anakoka.

Ziguduli zinagwa.

Dzuwa linamenya ndege. Inanyezimira ngee! Inali ndi thunthu. Inali ndi mchira. Inali ndi mapulopela awiri. Mphepo inawomba. Mapulopela anazungulira.

Ndipo sinapendekeke.

Palibe anaseka.

Bambo anatsegula maso. Anayang'ana kumanja. Anayang'ana kumanzere. Anatambasula zala. Anayamba kuyeza phiko lakumanja. Ana anawerenga mofuula.

"Chimodzi! Ziwiri! Zitatu!"

Anafika khumi.

Bambo anapita ku phiko lakumanzere. Tsopano makolo nawonso anawerenga.

"Zisanu ndi ziwiri! Zisanu ndi zitatu! Zisanu ndi zinayi! Khumi!"

Pamenepo m'kati mwa ndege munamveka mawu.

"Vuuu!"

Chitseko chinatseguka. Mutu wa Teleza unatuluka. Anaponya kathumba m'mwamba. Kathumbako kanali katamangidwa ku duku la amayi. Duku linatambasuka ngati ambulera. Kathumba kanatsika pang'onopang'ono.

Lestina anakawakha. Anamasula.

"Mchere!"

Teleza anaponya kena.

"Zitumbuwa!"

Anaponya kachitatu. Kanagwera pamiyendo ya mayi uja anaseka Lachitatu. Mayiyo anamasula. Ananunkhiza.

"Tiyi," anatero. "Wagwadi kumwamba."

Anthu anaseka. Koma kuseka kwake kunali kwina.

Ndodo inagogoda pansi. Go! Go! A Blackson anali kubwera. Anafika pansi pa chulu. Anawongola msana. Anamenya sawasha ngati msilikali.

"Ndi yomweyo," anatero. "Dakota. Chitseko chinali mbali yomweyo. Ine thumba la mpunga linangotsala pang'ono kundiphwanya mutu."

"A Blackson!" anatero a kapitawo. "Inunso munali ku Bama?"

"Ndinaliko."

"Nanga bwanji simunanene zaka zonsezi?"

"Munandifunsa?"

Anthu anaombera m'manja. Azimayi analuluta. Bambo anaima pambali pa ndege. Anavula chipewa. Anachigwira pachifuwa nthawi yaitali.

* * *

Pobwerera, atatuwo anadutsa m'munda wa tiyi. Amayi anali patsogolo. Bambo ndi Teleza anali pambuyo.

"Unalitalikitsa bwanji?" anafunsa bambo.

"Analumikiza ndi amayi. Ine ndinayeza."

"Unayeza ndi chiyani?"

Teleza anatulutsa kansungwi. Anakapereka. Bambo anatambasula zala pamwamba pake. Kanakwana ndendende.

Teleza anaika dzanja lake m'dzanja lawo. Linali laling'ono.

Bambo anaima m'njira.

"Ndiye kuti unayezadi khumi," anatero.

"Inde, Ababa."

"Wolakwa ndine. Sindinaganize za dzanja lako. Wakuuza ndani zopanga kamtengoka? Aphunzitsi?"

"Palibe. Ndinaona pachitseko."

Bambo anayendanso. Anafika kumapeto kwa mzere wa tiyi.

"Ndege ija inachokera kutali," anatero. "Amene anaipanga anayeza bwino. Akanalakwitsa, ine sindikanabwerako."

Amayi sanatembenuke. Koma anachepetsa liwiro.

Atafika kunyumba, bambo analowa m'chipinda. Anagwada. Anakoka chinthu pansi pa bedi. Chinali chikwama cha Keyala. Chinali chakale. Chinali ndi fumbi. Teleza anali asanachionepo.

Bambo anachikuntha panja. Anachipereka kwa Teleza.

"Chikwama ichi chinapita kutali," anatero. "Chinabwerako. Upite nacho ku Masambanjati. Ubwere nacho pa tchuthi."

Teleza anayang'ana bambo. Anayang'ana amayi.

"Zoona, Ababa?"

"Mawa tikatuluka m'tchalitchi, tikaona azakhali ako."

Teleza sanadikire. Anatenga diresi lake labuluu. Anatenga sileti. Anatenga bulangete. Anatenga sopo ndi chipeso. Analonga zonse.

"Iwe, sukulu itsegulidwa pakatha miyezi iwiri," anatero amayi. "Ufunda chiyani? Chikwamacho?"

"Ndizitulutsa bulangete lokha, Amayi."

Bambo anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola.

Panatsala chinthu chimodzi. Teleza anatenga kansungwi kaja.

"Kameneko kasiye," anatero bambo. "Kusukulu yaikulu kuli marula enieni."

"Marula ndi a aliyense," anatero Teleza. "Ili ndi dzanja lanu."

Anakaika pamwamba penipeni. Anamanga zingwe za chikwama. Anachiimika pafupi ndi chitseko.